Alonda a Nyama za m'Thengo

Ananu, munthu akaima pa Ginnery Corner, m'mzinda wa Blantyre, aona magalimoto ndi nyumba zazikulu. Koma akakweza maso aona mapiri: Ndirande, Soche, ndi patali Michiru. Pamene Mishoni ya Blantyre inamangidwa m'chaka cha 1876, mapiri awa anali ndi nkhalango zowirira, ndipo nyama zinali kuyenda m'menemo mosaopa.

Anthu atachuluka, mitengo inachepa. Ena anadula ya nkhuni, ena ya makala, ena anatsegula minda m'mapiri. Nyama zinasowa pobisala. Chifukwa chake m'chaka cha 1947 anthu ena anapangana za kutchinjiriza nyama za dziko lino, nayambitsa bungwe limene pambuyo pake linatchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi. Ndipo m'chaka cha 1975 phiri la Michiru linapatulidwa kuti likhale malo osungiramo mitengo ndi nyama.

Kodi mlonda wa nyama agwira ntchito yotani? Iye alawira m'mamawa, mame asanakamuke, nalowa m'thengo mwakachetechete. Sayenda ndi phokoso monga mwana wopita kudambo, pakuti nyama imva msanga kuposa munthu. Ayang'ana pansi nawerenga mapazi monga inu muwerenga buku. Phazi la fisi lifanana ndi la galu wamkulu, ndipo zikhadabo zake zioneka m'dothi. Phazi la nyalugwe silionetsa zikhadabo, chifukwa iye azibisa poyenda, monga achitira mphaka. Ndowe za fisi zikauma ziyera mbuu, pakuti adya mafupa. Pamene pafukulidwa mizu, mlonda adziwa kuti usiku panapita nguluwe. Zonsezi azilemba m'buku lake, kuti adziwe ngati nyama zili kuchuluka kapena kuchepa.

Ntchito yake ina ndiyo kuonjola misampha. Msampha wa waya susankha: utcheredwa mbawala, koma ugwira nyama iliyonse, ngakhale ya bere. Nyengo ya dzuwa ikayandikira, alonda alambula njira zotchinga moto, kuti moto wolusa usapsereze timitengo tating'ono ndi zisa za mbalame.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga ife tipindulanji?" Mitengo igwira dothi ndi mizu yake, ndipo masamba ake ogwa pansi achedwetsa madzi a mvula kuti alowe m'nthaka. Phiri la Ndirande, kumene uchokera mtsinje wa Mudi, linadulidwa mitengo yambiri m'zaka za m'ma 1990. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula yoopsa, ndipo matope ndi miyala zinatsika ku Soche ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe. Mvulayo inali yaikuludi, koma phiri lopanda mitengo ligumuka msanga. Ku Michiru nakonso nkhwangwa za ootcha makala zaononga kwambiri.

Komabe musataye mtima. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, njovu zinatha psiti ndi mfuti. M'chaka cha 2003 Boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks, ndipo zipembere zinabwezedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, ndi mikango mu 2012. Thengo likasamalidwa liphukanso.

Inunso mukhoza kukhala alonda kwanu komweko. Musatenthe tchire posaka mbewa. Musaphwasule chisa cha mbalame. Phunzirani maina a mitengo kwa agogo anu: msuku, mombo, mbawa. Akulu anati, madzi akatayika saoleka.

Mafunso

1. Kodi phazi la fisi lisiyana bwanji ndi la nyalugwe?
2. Nchifukwa chiyani msampha wa waya uli woipa?
3. Mitengo ithandiza bwanji phiri pa nthawi ya mvula?
4. Mawa m'mawa funani mapazi a nyama kapena a mbalame pafupi ndi mudzi wanu, ndipo muwajambule.