Kodi Wolamulira Mzinda wa Likulu Ndani? Phunziro la Sitandade 7 Loyambira pa Sadzi

Mukafunsa ana a Sitandade 7 kumene kuli likulu la dziko lino, adzayankha mosazengereza kuti lili ku Lilongwe. Mukawafunsanso amene amalamulira mzinda wa Lilongwe, ambiri adzati ndi Mtsogoleri wa dziko, popeza ndiko kuli nyumba yake. Yankho limeneli nlolakwa, koma mphunzitsi asafulumire kulikana, chifukwa anawo aona chinthu choona: pa likulu pamakhala maulamuliro aŵiri pabwalo limodzi, wina wa dziko lonse, wina wa mzindawo. Ntchito ya phunziroli ndiyo kulekanitsa maulamuliro aŵiriŵa. Pa udindo uliwonse mwana aphunzire kufunsa kuti: adamsankha ndani, angathe kuchita chiyani, nanga angamletse ndani?

Inu amene mudzaphunzitsa kuno ku Zomba muli ndi mwaŵi, pakuti zipangizo za phunziroli zili pakhomo. Musayambe ndi buku. Tulukani ndi ana panja pamene phiri la Sadzi lionekera bwino, muwafunse za madzi amene amatsika m'phirimo nthaŵi ya dzinja. Ana a kumeneko adziŵa kale kuti phirilo lidatha mitengo, kuti madzi ankakokolola nthaka nkuloŵa m'makomo, ndiponso kuti eni dera adadzuka nayamba kubzalanso. Tsono funsani: ngalande ikatsekeka, makolo anu amakadandaula kwa yani? Ena adzati kwa amfumu, ena kwa aphungu, ena kwa akhansala. Lembani mayankho onse osaŵeruza.

Pobwerera m'kalasi fotokozani mbiri mwachidule. Zomba idali likulu kuyambira 1891, pa nthaŵi ya Harry Johnston, kufikira 1975 pamene boma lidasamukira ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo idatsalira kuno mpaka 1994, ndipo Zomba idalandira ulemu wotchedwa mzinda m'chaka cha 2008. Sadzi ndi limodzi mwa madera amene amasankha khansala wokakhala m'khonsolo ya mzindawu. Apa ndi pamene ana ambiri amadabwa: pa pepala loponyera voti palibe dzina la meya. Anthu amasankha makhansala, ndipo meya amasankhidwa m'khonsolomo kuchokera pakati pa makhansalawo. Ku Lilongwe nchimodzimodzi. Likulu lathu lilibe boma lapadera. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limene limayendetsa khonsolo ya Zomba ndi lomwelo limayendetsa ya Lilongwe. Pokonzanso lamuloli mu 2010, adaika kuti meya azikhala pampando zaka ziŵiri ndi theka, ndi kuti mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo tsiku ndi tsiku azisankhidwa ndi Nduna. Motero wovala unyolo waulemu pa misonkhano ndi wina, woyang'anira antchito ndi mabuku a chuma ndi winanso.

Mphunzitsi asabise kuti mipando imeneyi idakhalapo yopanda eni. Makhansala osankhidwa mu 2000 adatsiriza nthaŵi yawo mu 2005, ndipo chisankho china sichidachitike kufikira pa 20 May 2014. Zaka 9 zonsezo mizinda yathu, likulu lomwe, idayenda yopanda meya. Funsani ana kuti munthu wa pa Sadzi akadakadandaula kwa yani masiku amenewo. Funso limeneli limaphunzitsa phindu la udindowu kuposa ndime yonse ya m'buku.

Kenaka tulukani kunja kwa malire, koma pang'onopang'ono, kuyambira kwa anansi. Ku Zambia adasintha malamulo aakulu a dziko mu 2016, ndipo kuyambira chaka chimenecho anthu a mu Lusaka amadzisankhira okha meya, monga momwe asankhira phungu. Maiko ena adapitirira apo, napatula likulu kuti likhale chigawo pachokha. Mzinda wa Washington suli m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dziko la America. Lamulo la 1973 lidalola anthu ake kusankha meya, ndipo woyamba pansi pa lamulolo, Walter Washington, adaloŵa ntchito mu January 1975, chaka chomwe likulu lathu lidasamuka. (Ana adzaseka kufanana kwa dzina la munthuyo ndi la mzindawo, alekeni aseke, sadzaiŵala.) Komabe Nyumba ya Malamulo ya dzikolo ingathe kufafaniza lamulo limene khonsolo ya mzindawo yapanga.

Chitsanzo choyenera kuchedwapo ndi cha Delhi ku India. Kutsatira kusintha kwa malamulo mu 1991, dera la likululi lili ndi nyumba yake ya malamulo ya mipando 70, ndipo mtsogoleri wa mbali imene yapambana amakhala Nduna Yaikulu ya deralo. Iyeyu ali ndi nduna zake, amayendetsa sukulu ndi zipatala zambiri, koma zinthu zitatu adammana: apolisi, malo, ndi kusungitsa bata. Izi zili m'manja mwa boma lalikulu. Chifukwa chake nchosavuta kumvetsa. Pa likulu ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo, akazembe a maiko ena ndi maofesi a dziko lonse, ndipo palibe boma limene lingakondwere kuti alonda a pakhomo pake azimvera munthu wina, makamaka ngati munthuyo ndi wa chipani chotsutsa. Koma nawonso okhala mumzindamo ali ndi mlandu wawo: amakhoma msonkho, amafuna madzi ndi misewu, ndipo afuna mtsogoleri amene angathe kumchotsa akalephera. Mkangano umenewu sudathe ku Delhi, ndipo wafika kangapo ku bwalo lalikulu la milandu. Musauthetse inu m'malo mwa ana. Gaŵani kalasi paŵiri, mbali iliyonse inene zake.

Mtima wa phunziroli ndi chisankho chongoyerekeza. Tinene kuti muli ndi ana 60. Agaŵeni m'magulu 5 a ana 12, gulu lililonse likhale dera. Pakhale mbali ziŵiri, ya Chikondi ndi ya Mavuto. Maina a zipani zenizeni, mitundu ya nsalu zake ndi nyimbo zake zisaloŵe m'kalasi mwanu ngakhale pang'ono. Poyamba kalasi yonse iponye voti mwachinsinsi, monga ku Lusaka. Kachiŵiri gulu lililonse lisankhe khansala, ndipo makhansala 5 aja asankhe meya, monga kuno kwathu. Nthaŵi zina wopambana amakhala yemweyo. Zikatero lembani samu iyi pa bolodi: mbali ya Mavuto yapambana magulu 3 ndi mavoti 7 kwa 5, ya Chikondi yapambana magulu 2 ndi mavoti 11 kwa 1. Ana aŵerenge okha. Adzapeza kuti Chikondi ali ndi mavoti 37, Mavuto 23, koma Mavuto ali ndi makhansala 3 ndipo unyolo ndi wake. Phokoso limene lidzabuka apa musaliletse msanga.

Chenjerani kuti ana asachoke ndi maganizo akuti njira yathu njobera. Nayo ili ndi ubwino wake: meya wosankhidwa ndi makhansala amayamba ntchito ali ndi omthandiza m'khonsolo, pamene wosankhidwa ndi anthu onse angapezeke ali yekha pakati pa makhansala osamfuna.

Ntchito yokachita kunyumba ikhale iyi. Mwana aliyense alembe mzere pakati pa tsamba, mbali ina "khonsolo", mbali ina "boma lalikulu ndi mabungwe ake", ndipo aikemo msika wa Zomba, kutola zinyalala, polisi, ndende yaikulu, asilikali a ku Cobbe Barracks, madzi a ku damu la Mulunguzi ndi nkhalango ya paphiri la Zomba. Ziŵiri zoyambazo zokha ndizo za khonsolo. Ambiri adzaika madzi kumbali yolakwa, popeza mipopi ili mumzinda, chonsecho amene amawayendetsa ndi bungwe la Southern Region Water Board. Pochonga musangodula mzere wofiira. Itanani mwana mmodzi amene kwawo kuli mpopi abwere ndi bilu yakale ya madzi, anzake aŵerenge dzina lolembedwa pamwamba pake.