NG'OMBE YOBZIKULA NDI MUNTHU WA MAGANIZO

M'midzi ya ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi muli nthenda imene iribe bala kapena cotupa, ndipo mwini wace akafunsidwa cimene cimbvuta angoyankha kuti, Ndi maganizo. Nthendayi ikula makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yatsala pang'ono kupsa, cimanga ca m'munda sicinakhwime, ana afuna za ku sukulu, ndipo ngongole ya feteleza iri cikhalire. Munthu agona pamphasa, thupi liri lolema ndi khasu, koma tulo sitibwera. Awerengera matumba amene sanakolole, akangana mumtima ndi mlamu wace amene ali m'tulo kumudzi kwina, nafika mpaka pa maliro a iye mwini. Tambala alira iye asanatseke maso.

Caka ca 2024 cinaonjeza pa zimenezi. Mvula inaleka pakati pa dzinja cimanga ciri pafupi kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cirala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo pafupi theka la cimanga cobzalidwa linauma m'minda. Mvula inadzabweranso zaka zotsatira, koma alipo ambiri amene mtima wao sunabwerere m'malo mwace. Akaona kumwamba kwayera masiku atatu, ayamba kale kunjenjemera.

Phunziro lino likamba za mtundu wina wa kuganiza, umene Malembo aucha kulingirira. Ambiri ayesa kuti kulingirira ndi maganizo ndi cinthu cimodzi, nati, Munthu wodwala maganizo mumuuza bwanji kuti aganizenso? Komatu ziwirizi zisiyana monga kudya kusiyana ndi kutsamwa.

Mwana ali yense woweta ng'ombe adziwa cimene ng'ombe icita dzuwa likafika paliwombo. M'mawa idya msipu mofulumira, yosatafuna bwino. Ikakhuta ifuna mthunzi, nigona pansi, nibweza udzu uja m'kamwa pang'ono pang'ono, niutafuna kufikira usalala, niumezanso. Ndiko kubzikula, kumene cilamulo ca Mose cikuchula pa Levitiko 11 posiyanitsa nyama zodyedwa ndi zosadyedwa. Ng'ombe itha maora ambiri tsiku liri lonse pa nchito imeneyi, ndipo udzu ukhoza kusanduka mkaka ndi mphamvu yokoka pulawo cifukwa ca iyo. Mwini khola akaona ng'ombe yace yaleka kubzikula adziwa kuti yadwala, ngakhale isanagwe. Aphunzitsi akale a Mpingo anakonda fanizo limeneli. Anati munthu amene amva Mau tsiku la Sabata namangodutsa afanana ndi nyama imene yameza udzu koma yosaubzikula; m'mimba mwadzaza, koma thupi lionda.

Tsono munthu wa maganizo nayenso abweza zinthu m'kamwa, koma zimene abweza ndi miyala. Atafuna za mawa, zimene sizinafike, ndi za dzulo, zimene sizibwerera, monga akulu anenera kuti madzi akatayika saoleka. Angatafune usiku wonse, palibe cimene cisalala. Kusiyana kwace kuli pa ici: wamaganizo atengedwa ndi ciri conse cimene cabwera mumtima mwace, koma wolingirira asankha cinthu cimodzi, nakhala naco, ndipo mtima ukathawa aubweza.

Salmo loyamba licha wodala munthu wolingirira cilamulo usana ndi usiku. Liu la Cihebri pamenepo ndi lomwe mneneri Yesaya agwiritsa nchito ponena za kulira kwa njiwa ndi kubangula kwa mkango uli pa nyama yace. Cotero kulingirira kwa Ahebri sikunali kungoti duu. Kunali kunena mau motsitsa, mobwereza bwereza, milomo iri kugwedera. Isake anaturuka kumunda madzulo kukalingirira (Genesis 24:63). Ambuye Yesu, atacita nchito ya kuciritsa kufikira usiku ku Kapernao, anauka kusanace napita kumalo kopanda anthu (Marko 1:35), ndipo ophunzira anacita kumlondola pakuti anthu onse anali kumfuna. Ngati Iye anasowa nthawi yotere pakati pa nchito yabwino, nanga mlimi, nanga mai wa ana asanu ndi awiri?

Mwambo umenewu unakula m'dziko la Afrika lomwe lino. Antonio wa ku Aigupto, amene anamwalira m'caka ca 356, ndi ena amene anamtsata kucipululu, ankakhala akuluka madengu ndi zingwe za mlaza, akunena vesi limodzi la Masalmo mobwereza. Anazindikira kuti manja akakhala pa nchito yofatsa mtima ukhazikika msanga. Pambuyo pace, mbusa Andrew Murray wa ku Wellington, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1828 kufikira 1917, analemba kwambiri za kupatula nthawi ya m'mawa munthu asanaone nkhope ya mnzace. Ndipo amishoni a mpingo wace ndiwo anafika ku Magwero m'caka ca 1899, ku Madzimoyo mu 1903 ndi ku Nyanje mu 1905. Cifukwa cace nthawi yacete si cinthu cacilendo m'mipingo ya kuno. Cacilendo ndi kuiwalika kwace, pakuti masiku ano cinthu coyamba cimene dzanja lifufuza m'mawa ndi foni, ndipo wailesi ilankhula kufikira batire litatha.

Madokotala nawonso afika pa khomo lomweli, koma podzera njira yina. M'caka ca 1979 Jon Kabat-Zinn, wa pa sukulu ya zaciritso ya University of Massachusetts ku America, anayamba kuphunzitsa odwala amene ululu wao sunali kutha ndi mankhwala. Maphunzirowo anali a masabata asanu ndi atatu. Odwala ankakhala pansi tsiku ndi tsiku, akuchera khutu ku mpweya wao umene ulowa ndi kuturuka, ndipo maganizo akadza ankangowazindikira ndi kuwaleka apite, osawathamangitsa ndiponso osawatsata. Njirayi anaitenga kwa Abuda a ku Asia, naicotsa za cipembedzo. M'caka ca 2014 anthu a pa Johns Hopkins University anasonkhanitsa zofufuza 47 za njira zotere, napeza kuti zicepetsa nkhawa, cisoni ca mumtima ndi ululu. Koma anapezanso kuti thandizo lace ndi lapakati, losaposa mankhwala kapena kulimbitsa thupi. Nkwabwino kunena zimenezi poyera, pakuti alipo ogulitsa amene alonjeza kuti kukhala cete kuciritsa nthenda zonse ndi kubweretsa cuma. Ameneo ndi a mtundu umodzi ndi ogulitsa zithumwa.

Mkristu wina adzafunsa, Kodi cinthu cocokera kwa Abuda cingalowe m'nyumba ya wobatizidwa? Funsoli nloyenera, ndipo liyankhidwe mosamala. Mpweya wa m'mphuno suli wa Abuda. Genesis 2 anena amene anauuzira mwa munthu. Thupi linapangidwa motero kuti munthu akaturutsa mpweya pang'ono pang'ono mtima ucepetsa kugunda kwace, ndipo izi zicitika kwa Mbuda, kwa Msilamu ndi kwa mkulu wa mpingo cimodzimodzi, monga kwinini atsitsa malungo osafunsa cipembedzo ca wodwala. Cimene Mkristu sangatenge ndi ciphunzitso ca kuti munthu adzipulumutsa yekha mwa kukhala cete, kapena kuitana maina a milungu yina. Iye akhazika mtima pansi kuti amve Wina. Mai asesa m'nyumba cifukwa mlendo alinkudza, si kuti nyumba ikhale yopanda munthu ai.

Nanga munthu ayambe bwanji? Asankhe nthawi imodzi ndi malo amodzi, ndipo asazisinthe sinthe. Kwa ambiri nthawi yabwino ndi mbanda kuca, asanatenge khasu. Kwa ena ndi madzulo ng'ombe zitalowa m'khola. Malo angakhale pakhonde, kuseri kwa nkhokwe, kapena pansi pa mtengo wa mango. Mphindi khumi zikwanira poyamba. Akhale woongoka, pakuti wogona capamsana adzangogona tulo. Apume mofatsa, kuturutsa mpweya kutalike koposa kukoka, kufikira mapewa agwa ndi nsagwada zimasuka. Ambiri sadziwa kuti akhala akukukuta mano tsiku lonse. Amve zimene ziri pomwepo, nkhuku zirikutsika, mphepo pankhope, utsi wa kwa mnansi. Pamenepo atenge vesi limodzi lokha, lingakhale lolembedwa pa tsikulo m'buku lino, nalinene motsitsa katatu kapena kasanu, akuima pa liu liri lonse. Wosadziwa kuwerenga sasowa kanthu pano. Vesi limene analoweza m'kalasi ya ubatizo, kapena limene mdzukulu amwerengera madzulo, ndilo udzu wace wa mawa.

Tsono apa ndi pamene ambiri agwa mphwayi. Asanathe kupuma kasanu, mtima wathawira ku mtengo wa soya, ku mbuzi imene yadya mbeu za eni, ku mau amene mpongozi ananena pa maliro. Munthu ati, Ine sindikhoza, mutu wanga ngwoipa. Iai, mutu wace uli monga mitu yonse. Mnyamata wophunzitsa ng'ombe yaing'ono kukoka pulawo sadabwa ikapatuka mumzere. Aibweza, nipatukanso, naibwezanso, ndipo kubwezako ndiko kuphunzitsa kwace. Akaikwapula ndi ukali ingothyola goli. Cotero munthu akaona kuti mtima wacoka, angoti, Awa ndi maganizo a ngongole, nabwerere ku vesi lace wosadzitonza. Akabweza mtima makumi awiri m'mphindi khumi, wacita nchitoyo makumi awiri. Kuona maso a nkhono nkudekha; sabata loyamba sadzaona kanthu, koma pakutha mwezi kapena iwiri a m'nyumba mwace ndiwo adzayamba kuzindikira kuti mau aukali acedwa kuturuka.

Nkhawa imene ibwera kawiri kawiri isangokankhidwa. Itatha nthawi yacete munthu aiyang'ane, nafunse, Kodi pali cimene ndingacite lero pa ici? Ngati cilipo, monga kukalankhula ndi mwini ngongole kapena kupalira ndime yotsala, acite lero lomwe. Ngati palibe, aipereke m'pemphero monga Paulo alangiza Afilipi pa mutu 4, naisiye. Ikabweranso usiku, aiuze kuti mlandu wace unaperekedwa kale kwa mfumu.

Pali mau a kwa amuna. Mai ndiye ayamba kuuka ndipo ndiye atsiriza kugona; pakati pa citsime, mtondo, moto ndi mwana wa kumsana, mphindi khumi zace zipezeka kuti? Mwamuna amene akhala pakhonde ndi Buku lace pamene mkazi wace athamanga yekha asadziyese Mariya ndi kumuyesa mkaziyo Marita. Anyamule mwana, kuti mnzace naye akhale pansi. Ndipo amai adziwe kuti kusenda nsawa, kupeta ndi kuyenda ulendo wa kumadzi zikhoza kukhala malo a kulingirira, monga madengu a Antonio, ngati mtima uli pa nchitoyo ndi pa vesi limodzi, wosati pa milandu ya mudzi wonse.

Koma alipo maganizo amene mphindi khumi za m'mawa siziwakhoza. Eliya, atathawa Yezebeli, anakhala pansi pa mtengo m'cipululu napempha imfa (1 Mafumu 19). Mthenga wa Mulungu sanamdzudzule, ndipo sanayambe ndi ciphunzitso. Anampatsa mkate ndi madzi, namleka agone, nampatsanso kaciwiri. Mau ofatsa aja a pa Horebu anadza pambuyo, ndipo atatha mauwo Eliya anapatsidwa mnzace, Elisa. Munthu wanjala ayambe wadya, ndipo mpingo umene uuza wanjala kuti akhazike mtima pansi, nkhokwe za akulu ace ziri zodzaza, ucimwira Mau omwe uwalalikira. Ku Harare, Dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benchi pafupi ndi kiliniki ndi kumvetsera anthu odwala cimene Ashona acicha kufungisisa, ndiko kuganiza kopitirira. Zofufuza zimene zinaturuka mu 2016 zinaonetsa kuti ocezeredwa ndi agogowo anapeza bwino koposa ena. Mutu umodzi susenza denga. Amai a Cigwirizano ndi akulu oyendera midzi ali nayo kale benchi yotere, akangophunzira kumvetsera nthawi yaitali asanatsegule pakamwa.

Munthu akatha masabata awiri kapena kuposa wosagona, wosafuna kudya, wosakondwa ndi kanthu kali konse, kapena akayamba kunena kuti kuli bwino atafa, abale asayembekeze ndipo asamuyese wolodzedwa kapena wopanda cikhulupiriro. Acotse m'nyumba mankhwala opopera thonje ndi a m'nkhokwe, asamsiye yekha, ndipo apite naye tsiku lomwelo ku kiliniki ya pafupi, kapena ku cipatala ca St Francis ku Katete, kapena ca Nyanje ku Sinda. Wodwala kuthamanga kwa mwazi, kumene anthu akucha BP, angapindule ndi nthawi yacete, koma apitirize kumwa mankhwala ace monga adokotala anamuuza, ndi kukapimitsa pa tsiku limene analemberedwa.