KODI MLIMI ALIPIRE CITSIMIKIZO COONJEZA PA GALIMOTO YAMAGETSI?

Galimoto zoyenda ndi magetsi zayamba kuoneka m'misewu ya Lusaka, ndipo alimi ena, potopa ndi mtengo wa petulo ndi dizilo, ayamba kufunsa za izo. Wogulitsa galimoto yotere kawirikawiri aonetsa wogula mapepala awiri olipira padera. Loyamba ndilo pangano la sevisi, pamene wogula alipiriratu nchito yosamala galimoto kwa zaka zingapo. Laciwiri ndilo citsimikizo coonjeza, cimene ambiri acicha waranti: lonjezo lakuti zoonongeka zidzakonzedwa ulere citatha citsimikizo ca ku fakitale. Ndalama za mlimi zibwera kamodzi pa caka, motero ayenera kudziwa cimene agula.

Pangano la Sevisi

Galimoto yamagetsi iribe injini yotentha mafuta. Cifukwa cace mulibe oilo wa injini wofuna kusintha, mulibe mapulagi, mulibenso paipi ya utsi. Mabuleki nawonso acedwa kutha, pakuti woyendetsa akacotsa phazi, mota yomweyo icepetsa liwiro nibwezera magetsi ku batire. Zofuna kuyang'anira ndizo matayala, madzi a mabuleki, batire laling'ono la mavolti 12, ndi zitsulo za pansi zogwira mawilo. Matayala atha msanga cifukwa galimotozi nzolemera, koma mapangano ambiri a sevisi sawerengera matayala.

Tsono mlimi atenge buku la galimotoyo, aone nchito zimene lilamula caka ndi caka, afunse mtengo wace ku garaja, naulinganize ndi mtengo wa panganolo. Kawirikawiri adzapeza kuti kulipira nchito iriyonse pa nthawi yace nkochipa.

Citsimikizo Coonjeza

Ciwalo ca mtengo wapatali kopambana zonse ndico batire lalikulu. Opanga galimoto ambiri alitsimikiza kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, cimene ciyambe kukwana, nalonjeza kulikonza kapena kulisintha mphamvu yace ikatsika kupitirira magawo pafupifupi 70 pa 100. Bvuto ndi lakuti zitsimikizo zoonjeza zambiri sizikhudza batire limeneli. Zina zilipira likafa mwadzidzidzi, koma osati likamafooka pang'onopang'ono, pamene kufooka kumeneku ndiko kugwera batire liri lonse likamakalamba.

Kutentha kufulumiza kufookako. Galimoto ya Nissan Leaf inayamba kugulitsidwa mu 2010, ndipo batire lace loyambalo linalibe madzi oliziziritsa. Mu 2012 eni ace ku Arizona, dera lotentha la ku America, anadandaula kuti mabatire ao afooka msanga. Pambuyo pace Nissan inalonjeza kukonza batire lotere ngati mizere yosonyeza mphamvu yatsika pansi pa 9 mwa 12 zisanathe zaka 5 kapena mamailo 60,000. Pa galimoto zoyambazo lonjezoli linatha kale. Mlimi wa ku cigwa ca Luangwa, amene adziwa dzuwa la Okutobala, aikumbukire nkhani imeneyi.

Cinanso nci: galimoto zambiri za m'Zambia zibwera zogwirapo kale nchito kucokera ku Japan, ndipo citsimikizo ca fakitale nthawi zambiri cigwira nchito m'dziko limene galimoto inagulitsidwa poyamba. Pepala losabvomerezeka kuno liribe phindu.

Mafunso Anai

Asanasaine, mlimi afunse izi, ndipo mayankho ace aonekere m'pepalamo, osati pakamwa pa wogulitsa pokha:

1. Kodi batire lalikulu, mota, ndi zipangizo zochajira za m'galimoto zirimo? Nanga batire likafooka, alisintha likafika pati?

2. Kodi garaja yokonzerako iri kuti? Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Adzalipira ndani kukoka galimoto yakufa mtunda wonsewo?

3. Kodi nciani cingaphe citsimikizoco? Zambiri zikana kulipira galimoto ikalowa m'madzi, ikagunda mwala pansi, ikasenzetsedwa katundu wopitirira muyeso, kapena ikatsegulidwa ndi makaniko wosaloledwa. Izi ndizo zocitika kaye ku midzi m'nyengo ya dzinja ndi yokolola.

4. Kodi batire layesedwa, ndipo zotuluka zace zalembedwa?

Mayankho akakhala abwino, makamaka pa funso loyamba ndi laciwiri, citsimikizo coonjeza ncoyenera ndalama zace, pakuti batire limodzi likhoza kudya phindu la zokolola za zaka zingapo. Akakhala okayikitsa, mlimi acita bwino kusunga ndalamazo ku banki, kuonjezapo pang'ono caka ciri conse akagulitsa mbeu, kuti tsiku la bvuto zimthandize. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.