Makiyi Aperekedwa, Koma Kodi Ntchito Yayenda Bwino?

Kalata yoyamba kuwerengedwa pa pulogalamu ya pa wailesi ya zomangamanga sabata ino inachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, msungichuma wa komiti ya sukulu ya pulayimale. Makolo anaumba njerwa, anatuta mchenga kumtsinje, ndipo mdadada wa makalasi awiri unatha tsiku lolonjezedwa lisanafike, ndalama osapitirira ngakhale ndi tambala imodzi. Tsiku lotsegulira kunavinidwa magule. Koma mvula itangogwa kawiri, denga linayamba kudontha, simenti ya pansi inayamba kufukuka, ana n'kubwerera pansi pa mtengo. "Kodi tizinena kuti ntchitoyi inayenda bwino kapena ayi?" anafunsa mayiwo.

Mlendo wa pulogalamuyi, injiniya amene wakhala akuyang'anira ntchito za misewu ndi nyumba kwa nthawi yaitali, sanazungulire. "Mayi, zikomo polemba. Ntchitoyo sinayende bwino, ngakhale mapepala onse akuti inayenda."

Anafotokoza kuti anthu a zomanga amayeza ntchito ndi zinthu zitatu: nthawi, ndalama ndi ubwino wa chomangidwacho. Injiniya wa ku Britain, Martin Barnes, ndiye amadziwika kuti anaziika pamodzi m'chaka cha 1969 pophunzitsa oyang'anira ntchito. Zili ngati mafuwa atatu, anatero katswiriyo. Mukasuntha limodzi, mphika umapendekeka: mukafuna ntchito ithe msanga, ndalama zikwera kapena ubwino utsika. Koma mphika ukhoza kukhazikika bwino pa mafuwa onse atatu, nsima n'kuphulidwa yosapsa. Choncho pali funso lachinayi, limene ndi lalikulu kuposa enawo: kodi chomangidwacho chikugwira ntchito imene anachimangira?

Apa anatengera omvera ku London. Gawo lachisanu la bwalo la ndege la Heathrow linamangidwa ndi mapaundi 4.3 biliyoni, ndipo linatha pa nthawi yake komanso mkati mwa ndalama zimene zinaikidwa. Akatswiri analiyamikira. Koma litatsegulidwa pa 27 Malichi 2008, makina oyendetsa katundu anasokonekera, ogwira ntchito ambiri anali asanazolowere malowo, maulendo a ndege mazanamazana anaimitsidwa ndipo zikwama zikwizikwi zinasiyana ndi eni ake. Kwa womanga, ntchito inali itatha. Kwa wapaulendo amene anafika kwawo ndi zovala za pathupi zokha, inali isanathe.

Ku Australia zinachitika mosiyana. Nyumba ya zisudzo ya Sydney Opera House inayamba kumangidwa mu 1959, poyembekezera kuti itenga zaka zinayi ndi madola a dzikolo 7 miliyoni. Inatha mu 1973, itadya madola 102 miliyoni. Wojambula mapulani ake, Jørn Utzon wa ku Denmark, anatula pansi ntchito mu 1966 atasemphana ndi boma, ndipo sanabwererenso kukaiona itatha. Lero nyumbayo ndi imene dziko lonse limadziwira mzinda wa Sydney, ndipo mu 2007 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lapansi.

Wowulutsa mawu anafunsa ngati zimenezi zikutanthauza kuti kuchedwa kulibe vuto.

"Ayi ndithu," anayankha injiniyayo. "Ku Sydney boma linakakamiza kuti ntchito iyambe mapulani asanathe, mpaka zipilala zina zomangidwa kale zinagwetsedwa kuti zimangidwenso zotha kunyamula denga. Ndalama zimenezo zikanapulumuka. Chimene ndikuuza mayi a ku Ntcheu n'chakuti tsiku lopereka makiyi si tsiku loweruza ntchito. Mdadada wa sukulu umaweruzidwa ndi dzinja, ndiponso ndi mwana amene akukhalamo."

Kalata yachiwiri inali ya mkulu wa mpingo wina wa ku Mzuzu. Mpingo wawo ukufuna kumanga holo, ndipo makontilakitala atatu apereka mitengo. Awiri sanasiyane kwenikweni, koma wachitatu watsika kutali. Akhristu akuti asankhe wotchipayo, poti ndalama ndi za chopereka.

Injiniyayo anayamba ndi funso lakelake. Kodi atatuwo anawerengera chinthu chimodzi? Ngati mpingo unangowaonetsa pulani n'kuwauza kuti atchule mtengo, aliyense anawerengera holo ya m'mutu mwake. Wina anaika malata ochindikala, wina opyapyala. Wina anaika zitsulo m'maziko, wina sanaike. N'chifukwa chake pamafunika chikalata chimene amisiri amachitchula kuti BOQ, cholemba chinthu chilichonse ndi kuchuluka kwake: simenti, njerwa, matabwa, utoto, mpaka maloko a zitseko. Onse akadzaza mitengo pa chikalata chimodzi, wotsikayo amaoneka pamene watsikira.

"Bambo, simenti sagulitsa mtengo wina kwa kontilakitala wina. Munthu akatsika kutali chonchi, mwina waiwala chinachake, mwina akudziwa mmene adzabwezere. Adzachepetsa simenti m'matope, kapena adzabwera mwezi uliwonse ndi kalata yopempha zowonjezera, kapena adzathawa khoma lili pa linta."

Anakumbutsa kuti ngakhale boma silikakamizidwa kutenga wotchipa aliyense. Pa tenda za boma, zimene zimayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, amayamba aona ngati wopikisana ali ndi ziphaso, zida, antchito odziwa ndi mbiri ya ntchito zofanana. Mtengo umayerekezedwa pakati pa okhawo amene apyola pamenepo. Ku Britain nako, malipoti awiri otchuka, la Michael Latham la 1994 ndi la John Egan la 1998, anadandaula kuti kuthamangira mtengo wotsika kumabala mikangano ndi ntchito zobwereza. Injiniyayo analangiza mpingowo kufufuza ngati kontilakitalayo analembetsa ku bungwe loyang'anira zomanga limene ambiri amalidziwa ndi dzina la NCIC, kenako kutuma anthu awiri kukaona nyumba imene anamanga zaka zitatu zapitazo ndi kucheza ndi mwini wake kontilakitalayo palibe.

Funso limene linatenga nthawi yaitali linachokera kwa mnyamata amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndipo akufuna kumanga nyumba kwawo ku Mangochi. Anzake ena akuti azigula yekha zipangizo n'kumalipira mmisiri ndalama ya manja. Ena akuti apereke zonse kwa kontilakitala mmodzi. Njira yabwino ndi iti?

Katswiriyo anati njira zopezera womanga zilipo zambiri, koma zonse zimasiyana pa mfundo imodzi: zinthu zikalakwika, amalipira ndani?

Pa njira yakale, mwini ntchito amalemba wojambula mapulani, mapulaniwo akatha n'kuitanitsa mitengo kwa omanga. Ubwino wake ndi wakuti mwini amadziwiratu chimene akugula. Koma pulani ikakhala yolakwika, mlandu ndi wa mwini, ndipo khoma likang'aluka wojambula ndi womanga amalozana zala. Pa njira yachiwiri, imene amaitchula kuti design and build, kampani imodzi imajambula ndi kumanga yomwe. Pakalakwika, khomo logogoda ndi limodzi, ndipo ntchito imafulumira. Vuto lake ndi lakuti chimene mwini sanalembe momveka pachiyambi, kampaniyo idzasankha yokha, ndipo idzasankha chotchipa. Kusintha maganizo pakati pa ntchito kumadula kwambiri. Bungwe la mainjiniya la FIDIC linakonza mabuku a mgwirizano wa njira zimenezi, ndipo amadziwika ndi mitundu ya zikuto zawo: lofiira ngati mapulani ndi a mwini, lachikasu ngati womanga ajambula yekha, lasiliva ngati mwini akungodikira kulandira makiyi.

Njira yachitatu ndi imene mabanja ambiri kuno amagwiritsa ntchito: mwini agula zonse, n'kugawa ntchito kwa womanga khoma, kalipentala, wa mapaipi ndi wa magetsi. Imaoneka yotchipa chifukwa phindu la kontilakitala mulibe. "Koma achimwene," anatero injiniyayo, "ntchito ya kontilakitalayo siichoka ayi. Imagwera inu. Simenti ikasowa usiku, yasowa yanu. Wa magetsi akabwera pulasitala atapakidwa kale n'kuyamba kugumula khoma, wolipira kawiri ndinu."

Ngakhale maiko olemera njirayi inawapweteka. Pomanga bwalo la ndege la Berlin Brandenburg ku Germany, eni ake anaona kuti mitengo ya kontilakitala wamkulu mmodzi yakwera, choncho anaduladula ntchito n'kuigawira makampani ambiri, iwo eni n'kukhala olumikiza. Anasinthanso mapulani kambirimbiri ntchito ili mkati. Ntchito inayamba mu 2006, bwalo linayenera kutsegulidwa mu 2011, koma zida zotetezera anthu ku moto ndi utsi zinalephera kuvomerezedwa. Linatsegulidwa pa 31 Okutobala 2020, ndalama zitakwera kuchoka pa mayuro pafupifupi 2 biliyoni kufika popitirira 6 biliyoni. Ku Heathrow nako eni ake anasenza okha chiopsezo chachikulu, koma anali ndi gulu lamphamvu la akatswiri lokhala pamalopo tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake kumangako kunayenda m'nthawi yake.

Kwa mnyamata wa ku Johannesburg yankho linali lolunjika. Ngati alibe munthu wodziwa zomanga amene angaime pamalopo, osati m'bale wongosunga makiyi a sitolo, apereke ntchito kwa kontilakitala mmodzi pa mgwirizano wolembedwa. Azilipira m'magawo, gawo likatha: maziko, pa linta, denga, kenako zomalizira. Ndipo gawo lililonse liziyamba laonedwa ndi katswiri amene sadya m'thumba la womangayo.

Kenako kunamveka mawu a mbali inayo. Mayi wina wa ku Blantyre, mwini kampani yaing'ono yomanga, analemba kuti anasaina mgwirizano wa mtengo wosasintha, ndipo patangopita masabata ochepa kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, zitsulo ndi malata zinakwera. Anamaliza ntchitoyo ndi ngongole, ndipo mpaka lero anthu amamunena kuti anachedwetsa dala.

Injiniyayo anayankha mwachifundo. Anati m'dziko limene ndalama yake inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso chaka chotsatira, mgwirizano wa ntchito yaitali umafunika ndime yonena mmene mitengo idzasinthire zipangizo zikakwera. Pa ntchito yaifupi, womanga apemphe ndalama yoyambira, apereke chikole cha ku banki, agule zitsulo ndi malata nthawi yomweyo. Anaonjezera kuti eni ntchito nawo amagwetsa ntchito zawo akamachedwa kulipira, chifukwa kontilakitala wamng'ono sangathe kukongoza mwini kwa miyezi. "Nyumba ikaima koma womanga wagwa, aganyu sanalandire, kapena wina wavulala pa makwerero opanda chitetezo, ine sindiiwerengera kuti ntchito yopambana. Mayi, mukadzaona vuto likubwera, lembani kalata sabata yomweyo. Za pakamwa zimakanidwa."

Kalata yotsiriza inali ya nyakwawa ya ku Phalombe, dera limene namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi misewu mu Malichi 2023. Kumudzi kwawo kukumangidwa kamlatho katsopano, ndipo mfumuyo inafuna kudziwa chimene anthu osaphunzira uinjiniya angayang'ane.

"Gogo chalo, maso a mudzi ndi ofunika kwambiri," anatero katswiriyo, n'kuyamba kutchula. Pamalopo pakhale chikwangwani chonena womanga, woyang'anira, amene wapereka ndalama ndi nthawi yomaliza. Mchenga ukhale woyera, wopanda dothi. Aone ngati zitsulo zayalidwa konkire isanathiridwe, chifukwa ikathiridwa palibe adzazionenso. Konkire ikathiridwa iyenera kunyowetsedwa kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo mphamvu yake imayezedwa pakatha masiku 28. Pa ntchito yoyendetsedwa bwino, amisiri amathira konkire ina m'tizikombole tating'ono n'kukaiphwanya pa makina kuti aone kulimba kwake. Mudzi uli ndi ufulu wofunsa ngati zimenezi zachitika. Akuluakulu a m'mudzi auzenso injiniya pamene madzi anafika chaka cha namondwe, poti chidziwitso chimenecho sichipezeka mu ofesi.

Anatchulanso chida chimene makomiti ambiri sachidziwa. Pa mgwirizano wabwino, mwini amasunga gawo la malipiro, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 peresenti, ndipo mbali ya ndalamayo siiperekedwa mpaka itatha nyengo yokonza zolakwika, imene nthawi zambiri imakhala chaka chathunthu. Chaka chimenecho chimadutsa m'dzinja, ndipo ming'alu ikaoneka womanga amabwera kudzakonza ndi ndalama zake. Analangiza mfumuyo kuti pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera ikafunse kuti ndalama yosungidwayo ndi zingati, nyengo yokonzayo idzatha liti, ndipo ndani adzasaine kuti mlathowo walandiridwa.

Nthawi inatha makalata ena asanawerengedwe. Wowulutsa mawu anati ambiri mwa otsalawo akufunsa za mijigo imene imauma chilimwe chisanathe, ndipo injiniyayo anavomera kudzabweranso sabata yamawa kudzayankha amenewo.