Phunziro: Mankhwala a Khunyu

Kuno ku Dedza, m'miyezi ya June ndi July, banja lonse limaunjikana pa moto chifukwa cha kuzizira. Kwa munthu wodwala khunyu iyi ndi nyengo yoopsa, pakuti akagwa amapsa. Ena amati wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso. Amayi anzathu, zimenezi si zoona.

Khunyu ndi matenda a mu ubongo ndipo sapatsirana. Angayambe chifukwa cha malungo aakulu, kuvulala m'mutu kapena mavuto pobadwa. Bungwe la WHO likuti odwala mpaka 7 mwa 10 alionse angathe kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera.

Mankhwala ake ndi awa:

1. Phenobarbitone. Ndi akale, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1912. Amamwedwa kamodzi usiku chifukwa amabweretsa tulo.
2. Carbamazepine. Wodwala akatuluka zidzolo, tithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.
3. Phenytoin. Amatha kutupitsa nkhama, choncho wodwala azitsuka mano bwino.
4. Sodium valproate. Angawononge mwana wosabadwa.

Mankhwalawa amagwira ntchito akamamwedwa tsiku lililonse. Kusiya mwadzidzidzi kumabwezeretsa kugwa, mwina koopsa kuposa poyamba. Tizikatenga ena akalewo asanathe, kaya ku chipatala chachikulu cha Dedza kapena ku chipatala chaching'ono chakufupi. Wodwala akatha zaka ziwiri osagwa, dokotala yekha ndiye angaone ngati n'koyenera kuwachepetsa pang'onopang'ono.

Ife amayi tidziwenso kuti phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono, koma jakisoni ndi lupu zimagwirabe ntchito. Amene tikumwa ma ARV tiwauze achipatala. Mayi wofuna kutenga pakati ayambe wakambirana ndi dokotala, ndipo asasiye yekha mankhwala ali woyembekezera.

Munthu akagwa, timuchotse pafupi ndi moto, timugoneke chammbali, ndipo tisamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, tipite naye kuchipatala msanga.

Mafunso okambirana:

1. Kodi m'mudzi mwathu muli ana amene anasiya sukulu chifukwa cha khunyu?
2. Ndani wa ife angamaperekeze banja lotere kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi?