Phunziro: Zojambula za m'mapanga a Chongoni

Ana inu, ambiri mwa inu munabadwira kuno ku Dunoon ndipo simunapondeko ku Dedza. Khalani tcheru, lero tiphunzira zomwe makolo athu anasiya pamiyala ya kumeneko.

Dedza ndi tawuni ya m'mphepete mwa phiri, pamsewu wa M1, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe. Ili pamalo okwera kuposa matawuni ena onse m'Malawi, n'chifukwa chake kumazizira koopsa mu Juni ndi Julayi. Chakumpoto kwa tawuniyi kuli nkhalango ya Chongoni, komwe kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Mu 2006 bungwe la UNESCO linawerengera malowa pa chuma cha dziko lonse lapansi.

Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri. Anazijambula ndi Akafula, alenje omwe ankakhala m'derali Achewa asanafike, ndipo zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Zoyera anazijambula ndi Achewa, ndi dothi loyera. Zina zimaoneka ngati chikopa cha nyama chotambasula, ndipo anamkungwi ankalangizirapo atsikana pa chinamwali. Zina ndi zilombo za Nyau, monga kasiyamaliro. Pamene Angoni, amishoni ndi atsamunda ankapondereza Nyau, mwambowo unabisala m'mapangamu.

Tsono mvetsetsani apa. Chojambula pachokha sichinena kanthu. Namwali ankachiona pamwala, koma tanthauzo lake ankalimva kwa namkungwi, m'mawu ndi m'nyimbo. Namkungwi akamwalira asanaphunzitse wina, mwala umatsala, koma phunziro limapita naye kumanda.

Zotere zilikonso ku China. M'chigawo cha Yunnan muli anthu otchedwa Naxi, omwe tawuni yawo yakale, Lijiang, ili pafupi ndi phiri la chipale chofewa la Yulong, ndipo UNESCO inaizindikira mu 1997. Ansembe awo, otchedwa Dongba, amalemba mabuku a miyambo ndi zithunzi m'malo mwa zilembo. Zithunzizo zimangokumbutsa wansembe mawu omwe anawaloweza kale, motero mlendo sangawerenge bukulo bwinobwino payekha. Ansembe odziwa atachepa, anthu anayamba kuphunzitsanso achinyamata kuti mabukuwo asakhale osalankhula.

Inu muli kutali ndi Chongoni, koma anamkungwi ndi akuluakulu a mwambo ena tili nawo konkuno, ena tikhoza kuwaimbira foni. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera mwa mwana yemwe anawamva.

Ntchito yokachita kunyumba: funsani amayi, azakhali kapena agogo mwambo umodzi womwe analangizidwa ali achichepere, mulembe m'Chichewa zomwe akuuzeni. Akakuuzani kuti zina n'zachinsinsi cha kudambwe kapena kutsimba, musawakakamize; nawonso ndi mwambo. Mudzabweretse makope anu Lolemba.