Magetsi atabwera, macheka anadzuka okha

Alamu anga ndi kalipentala wa ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe. Tsiku lina anabwera pa lole ndi chimakina cha macheka a lamba, chimene amisiri amangochitchula kuti band saw. Chinali cha kampani ya Wadkin ya ku Leicester, ku England, ndipo chinakhala zaka zambiri m'shedi ya malo ena ophunzitsira zaumisiri amene anatsekedwa. Amuna asanu ndi mmodzi anachita kutuluka thukuta pochitsitsa.

Alamu anga anagwira ntchito yoyamikika. Anapala dzimbiri patebulo lake mpaka linawala, anasintha mabering'i, anamata labala watsopano pamagudumu awiri amene lamba wamano amazungulirapo chifukwa wakale anali atauma n'kung'aluka. Mota yake inali ya magetsi a 3-phase, pamene pashedi pawo pamafika a 230 volts ngati a m'nyumba, choncho anaikapo mota ina. Pomaliza anachipaka penti wobiriwira, anthu odutsa n'kumaima kuchiyang'ana.

Chinthu chimodzi anachiona ngati chachabechabe. Kabokosi koyatsira kanali katapsa, ndiye m'malo mwake anaikapo swichi wamba ya pakhoma. Mkulu wina wokonza zamagetsi atafika anapukusa mutu.

"Akulu, swichi iyi si ya makina. Gulani ya batani lobiriwira ndi lofiira."

"Bola ikuyatsa, madala. Ndalama zathera pa mota," anayankha alamu anga.

Swichi imene mkuluyo ankanena ili ndi maginito m'kati. Magetsi akathima imadzidula yokha, ndipo ngakhale abwerenso, makina sayaka mpaka munthu adine batani. Swichi ya pakhoma imangokhala mmene mwaisiyira.

Masana ena alamu anga akucheka thabwa la mlombwa, magetsi anathima. Iwo anati m'malo mongokhala, akonze lamba amene ankakhotera mbali imodzi. Anatsegula chitseko cha gudumu lam'mwamba, nayamba kulizungulitsa ndi dzanja, zala zili pafupi ndi mano. Anaiwala kuti swichi anaisiya yoyatsa, ndipo pulagi inali ikadali pakhoma. Magetsi sagogoda akamabwera. Mota inalira, gudumu linathamanga, ndipo mwana wawo wophunzira ntchito asanafike paswichi, zala ziwiri za kudzanja lamanja zinali zitapita. Ngakhale atazimitsa, magudumu achitsulo olemerawo anapitiriza kuzungulira, pakuti makinawo analibe mabuleki.

Akulu amati tsoka silinunkha, koma ili linali litanenedwa kale pashedi pomwepo. Alamu anga anakhala miyezi itatu osagwira pulena, ndipo ndalama zimene anawononga podwala zinaposa kutalitali mtengo wa swichi ija.

Inu amene mwapeza makina akale otere, chitsulo chake chikhoza kutumikira ngakhale zidzukulu zanu. Koma yambani ndi zimene makasitomala saziona. Ikani swichi yodzidula yokha. Bwezerani zitseko zonse zophimba magudumu ndi chotchinga lamba, ndipo muzichitsitsa kufika pafupi ndi thabwa limene mukucheka. Yang'anani lamba ngati alibe ming'alu m'munsi mwa mano. Musanakhudze lamba kapena gudumu, zulani pulagi, dikirani zonse ziime, ngakhale dera lonse lili mumdima. Penti mudzapaka pomaliza. Wakutsina khutu ndi mnansi.